A Hedi Sagwira Khasu

Kambombo, Chama
14 Sepitembala 1994

Mwana wanga Everlyn,

Landira moni kuchokera kwa ine atate ako ndi kwa amako. Tikhulupirira kuti iwe, amuna ako a Gordon ndi ana mukudzuka bwino ku Ndolako. Kuno kwatentha kale, chikhalirecho Okutobala sanafike.

Unafunsa kuti kupuma pa ntchito ndikukuona bwanji. Ndikuyankha mosabisa: ndatopa nako. Chitulukireni m'nyumba ya sukulu mu Epulo kudzakhala kuno kwawo kwa amako, sindinatulukepo thukuta la ntchito. Udziwa kuti kwathu ku Katete kulibenso wanga wotsala, ndiye ndinati ndikalambire pakati pa anthu amene ndawaphunzitsa zaka zonsezi. Apo mpamene ndinaphonya. Theka la mudzi uno linadutsa m'manja mwanga, theka linalo ndi makolo awo, ndipo onse agwirizana zondilemekeza mpaka ndife.

Ndinagula khasu pa boma kuti ndilime kadimba kuseri kwa nyumba. Ndisanagwetse pansi kachiwiri, amalume ako a Ackim anatulukira akuthamanga, nsapato kumanja. "A Hedi, mutichititsa manyazi! Ife tili moyo, inu mugwire khasu? Anthu ati chiyani?" Khasulo lili kwawo mpaka lero, akuti akundisungira.

Ndikati ndiwongole miyendo pamsewu sindifika patali. Njinga imaima, mwini wake n'kutsika, n'kunjuta, "Kwerani a Hedi." Ukakana ndiye kuti wamunyoza. Ndimabwerera kunyumba pa kaliyala ngati thumba la chimanga. Ngakhale pa nsolo pansi pa msawu amandigonjera dala. Munthu ukumuona kuti angakudye njere zonse, iye n'kuyang'ana kumbali n'kusewera zopusa, kenaka n'kuwomba m'manja kuti a Hedi ndi akatswiri. Ndinasiya kupitako.

Mwezi watha mutu unandivuta, ndinapita ku chipatala pa boma. Adokotala akuti magazi akuthamanga, bipi yakwera. Anandipatsa mapiritsi, nati ndichepetse mchere, ndiziyenda, ndizigwira kantchito kotulutsa thukuta. Ndinangoseka. Pa zonsezo chimene mudzi uno ungandilole ndi cha mchere chokha.

Penshoni sinatulukebe, koma usadandaule, chakudya chilipo. Ukapeza wobwera kuno unditumizireko manyuzipepala akale, ndiziwerenga. Masiku akutalika.

Atate ako,
Boniface Kamanga


Ndola
9 Okutobala 1994

Amama,

Muli bwanji kumeneko? Ife tili bwino, mdzukulu wanu Purity chabe ndiye anali ndi chifuwa koma manje wachira.

Kalata ya Adada ndalandira ndipo yandisowetsa mtendere. Bwanji inu simunandiuze za bipi? Amama, matenda amenewo si osewera nawo. Kuno kuofesi kwathu bambo wina anagwa ali chiimire, manje mbali imodzi sigwira, amadyetsedwa ngati mwana. Adada alemba zoseketsa monga mwa masiku onse, koma ine sindinaseke.

Chonde muwagwire. Zoti alime m'dzuwa la ku Chama ine sindifuna kumva. Adokotalawo mwina ananena zoyenda pang'ono pabwalo, osati khasu. Munthu wagwira choko moyo wake wonse, tsopano pa ukalamba ndiye ayambe kulima? Amalume a Ackim anachita bwino, muwathokozeko m'malo mwanga, ndipo muwauze apitirize kuwayang'anira. Nanga anthu akaona a Hedi ali m'munda sadzati ana awo ali m'tauni anawataya?

Ndapatsira dalaivala wa lole ya thonje kaphukusi: manyuzipepala, shuga, sopo ndi nsalu yanu. Mundilembere msanga mmene akukhalira.

Mwana wanu,
Everlyn


Kambombo
4 Disembala 1994

Everlyn mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi apongozi anga ndi adzukulu. Kaphukusi kanafika, yewo chomene, zikomo kwambiri. Zilembo zanga uzipirire, udziwa kuti wolemba bwino m'nyumba muno si ine.

Zimene unanena tinachita. Ine ndi Ackim tinawagwira adada ako, sananyamule ngakhale ndowa. Koma mwana wanga, sindinaone kuti achira. M'mawa amavala malaya oyera ndi tayi, kupesa tsitsi, n'kuima pakhomo, kenaka n'kukumbukira kuti kulibe kopita. Amakhala pakhonde mpaka dzuwa liwapeze, asunthe, liwapezenso. Manyuzipepala aja anawerenga onse, n'kuyamba kukonza zolakwika ndi bolopeni yofiira. Chakudya amangotola pang'ono. Ine ndatopa kuphika zobwerera.

Manje kwabuka china. Chiyambireni mvula, amadzuka m'mamawa, kuvala buluku lakale, n'kutulukira kuseri cha ku mtsinje. Ndikafunsa amati, "Ndikupita kukawongola miyendo, NyaGoma." Amabwera masana dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, manja akubisa m'thumba. Dzana ndinawaona posamba m'manja, muli matuza okhaokha.

Pachitsime akazi akunena zambiri. Ena akuti apeza mkazi kutsidya. Zimenezo ine sindiopa, mkazi wotani wopatsa munthu matuza? Koma ena akuti mutu wayamba kusokonekera, akuti anthu ophunzira kwambiri akasiya ntchito amatero, amangoyenda m'tchire. Izi ndiye zikundidya mumtima. Chodabwitsa china, munthu amene amakana chakudya manje akumaliza mbale n'kupempha zina, akangogona n'kuliza mkonono. Nyimbo za ku sukulu akuimba posamba. Kodi si mmene zimayambira?

Ine sindidziwa chochita. Undiuze. Ukatha unditumizireko mafuta opaka, miyendo yanga ikuwawa ndi kupalira.

Ndine amako,
Damaris


Kambombo, Chama
6 Disembala 1994

Everlyn,

Moni mwana wanga. Manyuzipepala ndinalandira, zikomo. Olemba ake akufunika kubwerera ku Giredi 7, koma andithandiza.

Ndikudziwa kuti amako akulembera, ndinawaona akulimbana ndi pepala. Ndiye imva kwa ine mwini. Sindinapenge. Ndapeza ntchito.

Tsiku lina ndinadzera njira ya kuseri imene njinga sizidutsa, ndinawoloka mtsinje n'kumangoyenda. Kutsidyako ndinapeza bambo wina akuunga mizere yekha, mwendo umodzi akukoka. Dzina lake ndi Hosea. Anasamuka ku Chifunda chaka chatha njovu zitamumalizira munda, mkazi wake anamwalira, ana ali kutali. Sanaphunzirepo pa sukulu yanga ndipo sandidziwa. Ndinapempha madzi, ndinaona khasu lina pamtengo, ndinalitenga. Sanandilande. Anangoti, "Ngati ulibe chochita yambira uko."

Ndinamuuza kuti ndine Boniface wa ku Katete, ndikhala kwa akazi anga. Bodza palibe. Iye anaona ngati ndine mkamwini wokalamba amene akazi ake amuthamangitsa panyumba, ndipo sindinamutsutse. Tsiku loyamba lomwelo anandikalipira. "Iwe mdala, unakulira kuti? Mzere wakhota uwu, bwereza!" Everlyn, ndinabwereza, ndipo mumtima ndinali kuseka ngati mwana. Pa nsolo amandidya osandimvera chisoni, n'kundinena kuti mutu wanga ndi wa dzungu. Sabata yatha ndinamugonjetsa kamodzi, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko kunali kupambana kwenikweni chifukwa anakwiya.

Msana ukuwawa, manja atupa, koma mutu uja unasiya ndipo tulo ndikugona. Mapiritsi ndikumwa. Dzuwa likakula timapuma pamthunzi, usaope. Chimanga chathu chamera bwino, ndikuti chathu ngakhale sindidzatengako chisononkho.

Amako sindinawauze chifukwa chimene adziwa amako, a Ackim achimva tsiku lomwelo, ndipo a Ackim akachimva basi zatha. Ndikukupempha, usunge pakamwa. Sindinakupemphepo kanthu kakakulu. Kalatayi ndapatsira mphunzitsi wina wopita ku Lundazi kuti akaponye kumeneko.

Atate ako,
B. Kamanga


Ndola
21 Disembala 1994

Amalume a Ackim,

Ndikupatsani moni pamodzi ndi banja lonse. Ndilemba mwachangu kuti kalata ipite ndi munthu wonyamuka mawa.

Amama andilembera kuti Adada akumasowa panyumba kuyambira m'mawa, osanena kopita, n'kubwera ndi matope ndi mabala m'manja. Kwa Adada eni ake sindinalandire kalikonse chiyambire Sepitembala, ndipo zimenezo si zawo. Ndikuopa, amalume. Mtsinje manje wadzaza, munthu wa bipi akagwa kumeneko adzamuona ndani?

Chonde muwatsatire tsiku limodzi, muone kumene amapita, muwabweze. Inu ndinu maso anga kumeneko. Khirisimasi ino sitibwera, msewu akuti waipa.

Mwana wa mlongo wanu,
Everlyn


Kambombo
15 Januwale 1995

Everlyn,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale kuno sitinachione bwino. Ana ali bwanji?

Ackim anachita zimene unamutuma. Anawatsatira mpaka kutsidya, anawapeza akupalira m'munda wa munthu wina wolumala mwendo, dzina lake Hosea, malaya atavula, munthuyo akuwalozera ndi ndodo pamene asiya udzu. Udziwa mkamwa mwa amalume ako. Anakuwa mpaka a m'minda yoyandikana anabwera. "Iwe, udziwa amene ukumutuma uyu? Awa ndi a Hedi a Kamanga! Ana a mafumu agwada pamaso pa awa!" Akuti Hosea anangokhala pansi m'matope momwemo, manja pamutu. Adada ako anavala malaya, n'kuimika khasu pamtengo, n'kutsogola kubwera kunyumba.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi Hosea anabwera, tambala m'khwapa. Mtunda wonsewo ndi mwendo umenewo. Anagwada pabwalo, ndipo kugwadako kunamutengera nthawi. Anati, "Bwana, ndinalakwa, sindinadziwe. Pakamwa panga panatuluka zoipa. Mundikhululukire." Adada ako anati, "Hosea, imirira. Ndine yemwe uja. Mawa ndibwera timalize mbali ya kumunsi." Iye anati, "Yayi bwana, ndingafe ndi manyazi." Adada ako anamugwira mkono kuti amudzutse, iye osadzuka. Mpaka adada ako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinalandira tambalayo, nanga ndikanatani?

Ine poyamba mtima unakhala pansi kuti si misala. Koma mwana wanga, zimene ndikuona manje ndiye zikundiopsa. Tayi anasiya kuvala, ndevu sameta. Amakhala pakhonde kuyang'ana nkhuku. Anthu akabwera kudzawaona amangogwedeza mutu. Dzulo anandifunsa kuti lero n'lachingati, adada ako amene amadzudzula abusa akalakwitsa tsiku polengeza. Mapazi atupa. Lachitatu anachita chizungulire potuluka m'bafa, ndinawagwira ndine. Ku chipatala akuti bipi yakwera kuposa kale.

Ndawauza kuti ngati n'khasu ndikalitenga kwa Ackim, alime kuseri kuno, wonena anene. Anati, "Kuti mudzi wonse udzaime pa mpanda kundimvera chisoni? Zisiye, NyaGoma."

Ine ndatopa, Everlyn. Kumunda ndili ndekha, kunyumba ndili ndi munthu wosalankhula. Bwera kapena utume munthu.

Amako,
Damaris


Ndola
3 Febuluwale 1995

Adada,

Muli bwanji? Ndikufunsa ngakhale Amama andiuza kale.

Kalata yanu ya pa 6 Disembala yafika dzulo, pamodzi ndi ya Amama ya mu Januwale. Envulopu yake yachita kuda, kaya inagona m'thumba la ndani. Ndinawerenga yanu poyamba, ndinaseka za mutu wa dzungu, kenaka ndinatsegula ya Amama. Adada, amene anatuma amalume ndine. Ndikanalandira yanu msanga kaya ndikanachita bwanji, sindidziwa. Mwina ndikanawatumabe, chifukwa ndimaopa. Mukanagwa m'munda wa munthu wosakudziwani, ine ndikanamva patapita mwezi.

Zachitika basi. Manje chofunika ndi moyo wanu. Ine ndi a Gordon tagwirizana kuti mubwere kuno. Chipatala chili pafupi, mankhwala sasowa, chipinda cha ana takonza. Simudzagwira kalikonse, mudzangopuma, kuonera TV ndi kucheza ndi adzukulu anu. Msewu ukangouma a Gordon abwera kudzakutengani. Amama atsale akolole, adzakupezani pambuyo.

Musakane, Adada. Ndiyankheni.

Mwana wanu,
Everlyn


Kambombo, Chama
19 Malichi 1995

Everlyn,

Moni. Kalata yako ndaona. Sindikukwiyira, unachita zimene mwana amachita.

Ndibwera. Kukhala pakhonde kuno ndi kukhala pakhonde ku Ndola n'chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti amako apumako. A Gordon asavutike kubweretsa chikwama chachikulu, katundu ndilibe.

Ndamva kuti mbali ya kumunsi ija ya munda wa Hosea udzu unaigonjetsa.

Atate ako


Ndola
25 Juni 1995

Amama,

Moni kwa inu ndi onse kumudzi. Mwakolola bwanji? Miyendo ikuvutabe? Mafuta ndapatsira a Gordon aponye ndi kalata ino. Pepani ndachedwa kulemba. Ndimasowa poyambira, ndipo ngakhale lero sindidziwa ngati nkhaniyi muimva bwino.

Mwezi woyamba Adada anali monga munawaonera. Ana akapita ku sukulu, ife ku ntchito, iwo amatsala pa sofa TV ikulankhula yokha. Madzulo timawapeza pomwepo. Purity akawabweretsera homuweki amangoti wakhoza, osayang'ana n'komwe. Ine ndimalira m'bafa kuti a Gordon asandione.

Nyumba yathu ija mukuidziwa, yogundana ndi ina, bwalo limodzi. Mbali inayo munalowa mayi wina mu Meyi, dzina lake Salome, amagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, ku msika, pakamwa pake ndi pa moto. Sitinazolowerane, timangopatsana moni. Tsiku lina ndinaweruka msanga chifukwa magetsi anazima kuofesi. Ndikulowa pageti ndinamva mayiyo akukalipa kuseri. "Mdala iwe, ndinati bedi la repu likhale uku, osati uko! Makutu ulibe?" Nditazungulira ndinapeza Adada ali ndi fosholo, buluku la a Gordon lakale atalipinda, thukuta lili chuchuchu. Anayankha kuti, "Pepani mayi, ndikonza." Pawindo panali kapu ya pulasitiki ya tiyi ndi buledi wouma, zimene anawasiyira.

Amama, magazi anandiwira. Mayiyo anawaona akutola mapepala pa mpanda, n'kuganiza kuti ndi wantchito wathu amene tinamutenga kumudzi. Wakhala akuwatuma kuyambira pamenepo, ife tikachoka. Ndinaponya chikwama pansi kuti ndikamuuze kuti munthu amene akumutcha mdalayo waphunzitsa manesi ndi apolisi a dziko lino. Adada anandiona. Anabwera msanga, n'kundigwira pamkono ndi dzanja lamatope, n'kundikokera kukhitchini. Mphamvu zimenezo sindinkadziwa kuti akadali nazo.

Anati, "Usamuuze."

Ndinati, "Adada, mwamva mmene akukuyankhulirani?"

Anati, "Ndamva. Chichokereni kwa Hosea ndi munthu woyamba kundifuna pa kanthu. Ukamuuza apepesa, ndiye ndibwerere pa sofa. Everlyn, ndakupemphanso kachiwiri."

Sindinamuuze. Ana ndawaletsa, a Gordon akungopukusa mutu. Manje repu yamera, ayamba tomato. M'mawa amadzuka tisanadzuke, amameta ndevu, amatsuka njerwa za pabwalo. Dzana anang'amba tsamba la homuweki ya Purity kuti alembenso bwino, mwana analira, ine ndinasangalala. Ku kiliniki nesi akuti bipi yatsikako, mapazi aphwa. Akudya.

Koma ine zikundipweteka, Amama. Mayiyo akakhala pabwalo ndimadutsa atate anga ondibereka ngati munthu wa ganyu, ndipo iwo amandipatsa moni kuti, "Muyende bwino mayi." Ndimakafika pa siteji ya basi maso atafiira.

Za kubwerera kumudzi sakunena, ndipo ine ndikuopa kuwafunsa, chifukwa kumeneko palibe amene sawadziwa. Inunso mukabwera kuno mayiyo adzafunsa kuti ndinu ndani wawo. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, yankho ndilibe. Adada amakufunsani masiku onse, akuti ndikuuzeni muchepetse mchere nanunso.

Dzulo madzulo Salome anandiimitsa pa mpanda. Anati, "Amake Purity, mdala wanu uja ndi wochedwa koma sakuba. Mundibwerekeko Loweruka, akandilimire kwa mlongo wanga ku Lubuto." Adada anali pomwepo akuthirira, anaimitsa ndowa n'kundiyang'ana. Ndinadziwa chimene maso awo akupempha.

Ndinati, "Mutengeni, koma azipuma dzuwa likakula."

Mundiyankhe, Amama, ngakhale mondikalipira.

Mwana wanu,
Everlyn